Chuma cha Magule ndi Masewera: Manambala Ake Achokera Kuti?

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera



Nthawi yokonza ndondomeko ya chitukuko cha boma ikakwana, mjigo ndi chipatala zimabwera ndi manambala ake: mabanja otunga madzi ndi angati, odwala pa mwezi ndi angati. Bwalo la mpira ndi holo ya zisangalalo zimabwera chimanjamanja. N'chifukwa chake zimatsalira kumapeto, ndipo wina akapempha malo a bwalo kuti amangepo magolosale, achinyamata alibe pepala loonetsa poteteza malowo.

Manambala a dziko lonse amasonkhanitsidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo anafunsanso za ntchito imene munthu amagwira. Vuto n'lakuti chimene chimalembedwa ndi ntchito yaikulu ya munthuyo. Wosema ng'oma amene amalimanso chimanga amawerengedwa ngati mlimi, ndipo ng'oma zake zimasowa m'buku. Kafukufuku wa m'makomo wotchedwa IHS, amene wachisanu wake anachitika mu 2019 ndi 2020, amafunsa za mabizinezi ang'onoang'ono ndi mmene banja limagwiritsira ntchito ndalama, koma amafikira mabanja ochepa osankhidwa m'boma lililonse. Sanganene za wodi imodzi.

Bungwe la COSOMA limasunga mayina a oimba ndi olemba amene analembetsa, pamodzi ndi ndalama zimene amalandira ntchito zawo zikagwiritsidwa ntchito. Ndalama za pakhomo za masewera a Super League, monga a pa Kamuzu Stadium ndi Bingu National Stadium, zimawerengedwa. MRA imadziwa mabizinezi okhoma msonkho. Zonsezi n'zothandiza, koma kwaya ya kumudzi ndi timu ya ntchemberembaye ya pa sukulu sizipezekamo.

Chuma cha m'wodi chimayenda mwa njira ina. Pa bonanza ya mpira anthu ambiri salipira pakhomo, komabe wa kabaza amapita maulendo ambiri tsikulo, wa chiwaya mbatata zimamuthera dzuwa lisanalowe, amayi a mandasi ndi thobwa amabwerera ndi mabeseni opanda kanthu. Pa chinkhoswe ndi pa ukwati pali telala, woimba, wobwereketsa zokuzira mawu. Miyambo ikuluikulu monga Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, Umthetho ku Hora ndi Mulhako wa Alhomwe ku Chonde imadzaza magalimoto ndi nyumba zogona alendo. Umboni wa zoterezi uli pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira: m'mabuku a ziphaso za pamsika, m'malisiti obwereketsera holo, m'malaisensi a mabizinezi amene khonsolo imapereka. Kuyerekeza ziphaso za tsiku la mpira ndi za tsiku wamba kumaonetsa kale kusiyana kwake.

Powerenga pafunika kusamala. Ndalama imene mnyamata wa m'mudzi momwemo wagulira chipisi pa bwalo akadaigwiritsabe ntchito pa golosale. Imene imawonjezera chuma cha wodi ndi ya mlendo wochokera kwina. Komanso ndalama imodzi isalembedwe kawiri, kwa wogula ndi kwa wogulitsa.

Mafumu asade nkhawa za mwambo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi zinsinsi zake, ndipo wolemba manambala salowa kudambwe. Iye amaima pabwalo, n'kuwerenga alendo ndi malonda basi.

Pempho kwa komiti iliyonse ya VDC n'lakuti ikhale ndi kope limodzi. Pakachitika mpira, gule kapena chikondwerero, mlembi alembe tsiku, chiwerengero cha anthu mongoyerekeza, ogulitsa malonda, ndi midzi imene alendo achokera, popanda dzina la munthu aliyense. Makopewa adzaperekedwa ku komiti ya ADC nthawi yosonkhanitsa mapulani a m'midzi.