THUMBO LIKATULUKA MWANA ALI KUCHIMBUDZI
(Nkhani yolankhulidwa pa wailesi)

 Lero tikambe za nthenda imene ambiri aibisa chifukwa cha manyazi.

Mwana akapita kuchimbudzi nakankha kwambiri, nthawi zina mbali yotsiriza ya thumbo imatembenuka nkutulukira kunja, yofiira ndi yonyowa. Izi zichitika kawirikawiri kwa ana osafika zaka 4. Mayi poona zotere aganiza kuti mwana walodzedwa. Iyayi, si ufiti. Minofu yogwira thumbolo ndiyo yafooka. Zoifooketsa ndi izi: kutsegula m'mimba kwa masiku ambiri, kamwazi, njoka za m'mimba, kudzimbidwa, chifuwa chokoka mtima, ndiponso kuperewera kwa chakudya m'thupi. Nchifukwa chake tichenjere m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo madzi a m'zitsime ali akuda.

Tsono muchite chiyani? Sambani m'manja ndi sopo. Gonekani mwana chafufumimba. Tengani kansalu koyera konyowa, nimukankhe thumbolo pang'onopang'ono kufikira litabwerera. Musalitemere mphini, musalitenthe, musalipake zitsamba. Ngakhale labwerera, pitani naye kuchipatala chapafupi kuti adotolo apeze chimene chayambitsa. Kumeneko apatsidwa mankhwala a njoka, kapena madzi a Thanzi ngati akutsegula m'mimba. Kunyumba mphikireni phala lothira nsinjiro kapena soya, mpatseni ndiwo zamasamba, zipatso ndi madzi owiritsa, ndipo asakhalitse chonyonyomala pochita chimbudzi. Ana ambiri achira motero popanda opaleshoni.

Koma thumbo likakana kubwerera, likatupa, likayamba kuda, kapena magazi akachuluka, musadikire kuti kuche. Thumbo lotere likhoza kufa. Fulumirani ku chipatala chachikulu cha pa boma pa Ntcheu. Ana amene vutoli liwabwererabwerera amabayidwa jekeseni yolimbitsa malowo, kapena kuchitidwa opaleshoni. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli nyumba ya opaleshoni za ana ya Mercy James imene inatsegulidwa mu 2017.

Akulu nawonso nthendayi iwagwira, makamaka amayi okalamba. Kwa iwo siitha yokha. Mankhwala ake ndi opaleshoni. Chonde agogo, musavutike mwakachetechete. Adotolo aziona zotere kambirimbiri, sadzakusekani.