Mukazulitsa dzino, fodya ayambe wadikira

Amayi ndi abambo, ofesi ya zaumoyo yatituma kuti mvula isanagwe tikhale titafika m'midzi yonse ya dera lino ndi uthenga umodzi: mukazulitsa dzino, musasokoneze magazi oundana pabalapo.

Kodi mukachokera kozulitsa dzino mumatani? Amayi akuti amachukucha madzi a mchere. Kumbuyoko ndamva kachasu. Chabwino, tamverani tsono.

Dzino limakhala m'dzenje la fupa la nsagwada. Likachoka, magazi amadzaza dzenjelo n'kuundana. Ambirinu mumawayesa nyansi, mumalavula, ena mumatokosa ndi kamtengo. Magazi amenewo ndiwo chivundikiro cha fupa. Mnofu watsopano umamera m'menemo, pambuyo pake fupa. Nkhama zimatseka m'masabata ochepa, koma fupa limatenga miyezi kuti lidzaze. Choncho lumani thonje limene amakuikani pabalapo kwa mphindi 30. Tsiku loyamba musachukuche chilichonse, idyani phala lofunda pang'ono. Mawa lake ndi pomwe muyambe madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi. Fodya mumusiye masiku osachepera atatu, wosuta ndi woika mkamwa yemwe.

Ndikunena izi mtima ukuwawa. Chaka chatha bambo wina anasuta atangotuluka pachipata cha chipatala. Tsiku lachitatu anabwerera atagwira tsaya, ululu ukufika mpaka m'khutu, m'dzenje muli mbee, fupa lili pamtunda. Mayi wina anapakapo fodya wopera. Anatupa mpaka m'khosi, malovu osamezeka, tinachita kumuthamangitsira ku chipatala cha boma usiku. Kutupa kotere kumatseka mpweya, munthu amafa.

Ee, a Phiri, ndakumvani. Mukuti mwana wanu ku Joni anamuika dzino lachitsulo, ndiye palibe chovutikira, fupa likawonongeka adzakuikirani lina. Khalani pansi ndikuyankheni bwino, chifukwa funso lanu ndi lofunika.

Mano amenewo alikodi. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kachitsulo kotchedwa titanium m'fupa la kalulu pochita kafukufuku. Pofuna kukachotsa anapeza kuti fupa lakagwira, sikakutheka. Mu 1965 anaika zitsulo zotere m'nsagwada ya munthu kwa nthawi yoyamba, mumzinda wa Gothenburg. Mwamva bwino? Chitsulo sichidzigwira chokha. Fupa lamoyo ndilo limamera n'kuchikumbatira, ndipo zimenezi zimatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mtengo wa khola mukauzika m'dothi lofumbutuka, ng'ombe ikangoukhudza wagwa. Pamalo pozulidwa dzino fupa limaphwa, makamaka miyezi itatu yoyamba, ndipo pakatha chaka likhoza kuchepa m'lifupi pafupifupi ndi theka. Balalo likaola, fupa limadyeka kwambiri. Dokotala wa ku Joniyo adzazika pati chitsulo chake? Ndalama zakenso mufunse mwana wanu, si za mbuzi imodzi.

Mukuti iyenso amasuta ndipo dzino lili nji? Wachita mwayi, koma mumuuze asiye. Fodya amafinya timitsempha ta magazi, fupa sililandira chakudya chokwanira, ndipo mwa osuta zitsulozi zimagwedera kawirikawiri kuposa mwa osasuta. Chimodzimodzi amene shuga wawo ndi wokwera.

Ayi bambo, sindikukuletsani kulima fodya, ndi amene akulipira fizi ya ana pano. Ndikupempha masiku atatu okha, ndudu ikhale m'thumba. Ululu ukavuta imwani panado mmene akuuzirani kuchipatala. Mukaona kutupa kukutsikira kukhosi, thupi kutentha, kapena kamwa kukanika kutseguka, musadikire kuche. A komiti ya zaumoyo, lembani mayina a onse amene ali ndi dzino lovuta, ndiwatenge ndisananyamuke.