Tisanagaŵane Mafoni, Tiyambe Tagwirizana za Wosunga Kiyi



Ndaima pano kuti ndifotokoze za ntchito imene Komiti yatipatsa, yokonza njira yofalitsira uthenga wa Chipani pa intaneti. Ena mwa inu andipeza kale panja kudzafunsa kuti mafoni agaŵidwa liti. Ndikupemphani kuti nkhani imeneyo iyambe yadikira, pakuti ndiyo yaing'ono pa zonse.

Funso loyamba ndi ili: kodi kiyi adzasunga ndani? Tsamba la Facebook limamvera munthu amene ali ndi mau achinsinsi oloŵera, osati komiti. M'boma lina, limene sinditchula, mnyamata wina anatsegula tsamba m'dzina la Chipani. Atasemphana ndi akuluakulu ake anachoka nalo, pamodzi ndi anthu onse amene ankaliŵerenga, ndipo sabata isanathe tsamba lomwelo linayamba kutinyoza. Cholakwa chinali chathu, chifukwa tinasiya nkhokwe yonse m'manja mwa munthu mmodzi. Nchifukwa chake tsamba lililonse likhale ndi oyang'anira atatu, maina ao alembedwe m'buku la mlembi, ndipo nambala ya foni ikhale ya ofesi. Mmodzi akachoka pa udindo, mau achinsinsiwo asinthidwe tsiku lomwelo.

Uthenga nawo uyende m'njira imene tonse tikuidziŵa. Uchoke ku likulu utatsimikizidwa, upite ku chigawo, ufike ku maboma onse 28, kenaka ku nthambi. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kulandira anthu 1,024, koma anthu chikwi akamalankhula nthaŵi imodzi umenewo ndi msika. Pa gulu la uthenga azilemba oyang'anira okha. Za maliro, za maukwati ndi moni wa m'maŵa, zimene sindikuzinyoza, zikhale ndi gulu lakelake.

Tisaiŵale kuti pali malamulo. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti limalanga wozunza kapena kuopseza mnzake pa foni, ndipo khadi la Chipani silidzamuteteza ku khoti. Lamulo la 2024 loteteza mbiri ya munthu likutanthauza kuti mndandanda wa mamembala ndi manambala ao si woponya pa gulu. Inu a m'Boma, chimene tikupempha kwa inu ndi chiŵerengero choona: mijigo yokumbidwa ndi ingati, matumba a feteleza afika angati. Tsamba la unduna ndi la Amalaŵi onse, ndipo musalisandutse la Chipani.

Tsopano za kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumidzi, kumene magetsi ndi osoŵa ndipo ndalama ya bandulo imalimbana ndi ya mchere. Tikatumiza kanema wautali, mayi wa ku Nthalire kapena ku Makhanga sadzamutsegula. Uthenga ukhale wa mau ojambulidwa, wosapitirira mphindi ziŵiri, m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'zinenero zina. Mlembi wa nthambi akaulandira aziuulutsa pa msonkhano, kuti wopanda foni aumvenso. Wailesi sitikuitaya.

Pali chinthu china chimene ambiri safuna kuchimva. Tikatsegula tsamba, anthu adzalembapo madandaulo, ena aukali ndithu. Walira mvula walira matope. Kufufuta dandaulo la mlimi amene sanapeze feteleza sikumpatsa feteleza. Adzangopita kukadandaula kwa otsutsa. Boma lililonse lisankhe munthu woŵerenga madandaulo, kuwapereka ku ofesi yoyenera, ndi kuyankha pasanathe masiku atatu, ngakhale yankho likhale lakuti nkhaniyo yafika kwa eni ake.

Ndikupempha Apampando a maboma kuti mwezi uno usanathe atumize ku ofesi yanga maina a oyang'anira atatu aja ndi dzina la woyankha madandaulo. Mainawo akafika, pamenepo tidzakhala pansi kukambirana za mafoni.