Mizinda itatu basi: mawu anga pa ulendo wa ku Tanzania

Nkhani yanga ndi ya ulendo wa pa tchuthi chachitali, umene takhala tikuusonkhera ndalama kuyambira chaka chatha. Pepala la komiti ndaliwerenga. Lili ndi malo asanu ndi awiri: Mbeya, Dodoma, Arusha, Moshi, Dar es Salaam, Bagamoyo ndi Zanzibar, onsewo m'masiku 10. Ndi pepala lokoma, ndipo amene analilemba anatifunira zabwino. Koma ine ndaimirira pano kupempha kuti tichotsepo malo anayi, titsale ndi Mbeya, Dar es Salaam ndi Zanzibar. Musandikuwize kaye, ndimvereni.

Pa foni dziko limaoneka laling'ono, umangokoka ndi chala wafika ku Arusha. Pansi si choncho. Tanzania ndi yaikulu kuposa Malawi pafupifupi kasanu ndi katatu. Kuchoka kuno ku Lilongwe kukafika pa boda ya Songwe ndi makilomita opitirira 600, ndipo pali mapiri a Chiweta panjira, ndiye tsiku loyamba lonse latha tili kwathu konkuno, tikagona ku Karonga. Tsiku lachiwiri tiwoloka, tidinditsa mapasipoti ku Kasumulu, tikwera mtunda wa Tukuyu mpaka ku Mbeya. Tsopano tsatirani pepala lija. Lachitatu basi ya ku Dodoma, makilomita pafupifupi 600. Lachinayi ya ku Arusha. Lachisanu Moshi. Lachisanu ndi chimodzi tsiku lonse m'basi kupita ku Dar. Kenaka Bagamoyo, kenaka Zanzibar kupita ndi kubwera tsiku lomwelo, ndipo masiku awiri otsalawo ndi obwerera kumudzi. Mwaona? Palibe m'mawa ngakhale umodzi umene tidzadzuke osabereka chikwama. Tikadzabwerako anthu adzatifunsa kuti munaonako chiyani, ife yankho lake lidzakhala madepoti.

Ndikudziwa chimene chikutikokera ku Moshi ndi phiri la Kilimanjaro. Nanenso ndimalifuna. Koma phiri lija ndi lalitali mamita 5,895, kulikwera kumatenga masiku osachepera asanu, ndipo sakulola kukwera wopanda wokutsogolera wovomerezeka, kuwonjezera pa ndalama zolowera m'paki. Ife sitikukakwera, tikungofuna chithunzi, pomwe nthawi zambiri masana limabisala m'mitambo. Masiku atatu a m'basi chifukwa cha chithunzi chimene mwina sichijambulika, aise? Ndiponso ndifunse mwaulemu, ndi angati muno amene anakafikapo pa Sapitwa, pa Mulanje pomwepa?

Ndondomeko imene ndikupempha ndi iyi. Masiku awiri oyamba sasintha, koma ku Mbeya tifike masana, tipume, tigule masimukhadi, tidule matikiti a mawa lake. Tengani majuzi. Mbeya ili pamwamba, ndipo mu Julaye ndi Ogasiti kumazizira ngati ku Dedza kapena kuposa. Musanamizidwe ndi zithunzi za anthu ovala makabudula ku nyanja. Tsiku lachitatu ndi lowawa, makilomita opitirira 800 kukafika ku Dar, ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Karonga. Tikwere basi ya m'mamawa, osati ya usiku, chifukwa msewuwu ukadutsa Iringa ndi kutsetsereka mapiri a Kitonga umalowa m'kati mwenimweni mwa Mikumi National Park. Mukakhala pa windo, mwayi ulipo woona mbidzi, njovu ndi akadyansonga osalipira kanthu. Amene mumadandaula kuti tikataya Arusha sitiona nyama, limbiranani mipando ya pa windo.

Wina anafunsa za sitima ya TAZARA. Ndi njanji ya mbiri, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, imene anamanga mothandizidwa ndi dziko la China m'zaka za m'ma 1970, ndipo imadutsa pa Mbeya pomwepo. Vuto ndi lakuti sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Tikafika ku Mbeya tsiku lolakwika, tikhala tikuidikira uku tikudya ndalama za ku Zanzibar. Ikagwirizana ndi masiku athu, zili bwino, koma ulendo wonse usatsamire pa iyo.

Basi za kutali zimatsitsa anthu pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kutali ndi pakati pa mzinda, ndipo tidzafika kutada. Choncho malo ogona a usiku umenewo akhale opezeratu tisananyamuke kuno, dzina lake ndi nambala yake zilembedwe pa pepala, osati mu foni mokha. Gulu la achinyamata otopa, osadziwa chilankhulo, likuyendayenda usiku ndi zikwama kufunsa resitihausi, limaonekera patali.

Ku Dar tikhale masiku awiri athunthu. Tsiku limodzi la ku Kariakoo, kumene azakhali athu ndi azichemwali athu a geni amakapikula zitenje ndi nsapato. Ine ndinafikako kamodzi ndi azakhali anga, ndipo ndikuuzeni, m'menemo munthu umasochera ukuona. Tiyende atatuatatu, foni m'thumba lakutsogolo, tigwirizane malo ndi nthawi yokumana. Tsiku linalo la National Museum, msika wa nsomba wa ku Kivukoni, ndi kuwoloka pa pantoni kupita ku Kigamboni kukaponda madzi amchere. M'tauni muli basi zoyenda mu msewu wakewake zimene eni ake amazitcha mwendokasi. Ndi zotchipa ndipo sizikodwa mu mdipiti wa magalimoto.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, boti la ku Zanzibar. Limatenga maola awiri. Matikiti tikagule pa ofesi yeniyeni ya kampani ya boti, osati kwa anyamata amene adzatithamangire panja pa geti. Dziwani kuti mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa mwini dziko, ndipo ife kumeneko ndife alendo, khungu lathu lisatinamize. Ngakhale Tanganyika ndi Zanzibar zinaphatikizana mu 1964 n'kukhala dziko limodzi, pa doko la Zanzibar amaonanso pasipoti, ndiye musaisiye ku loji ku Dar. Chinanso chimene pepala la komiti silinatchule: kuyambira mu Okutobala 2024, alendo olowa ku Zanzibar amayenera kugula inshuwalansi ya kampani ya boma la kumeneko. A msungichuma, chonde mufufuze mtengo wake kwa ife a ku Malawi ndipo ulowe mu bajeti. Miyezi imeneyi nyanja imavutanso ndi mphepo ya kumwera. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa zimene ndikunena, musadye chipisi chambiri musanakwere.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira kuti ku Zanzibar tikagone masiku awiri m'malo mongopondako? Si chifukwa cha mchenga ayi, mchenga tili nawo ku Mangochi. Ku Stone Town kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo anachokera m'madera ozungulira nyanja yathu ino. Zija tinkaloweza mu History, za Jumbe wa ku Nkhotakota, anthu kuwolotsedwa nyanja, kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, mathero a njira imeneyo anali kumeneko. Tinalemba mayeso, ena tinakhoza, koma kuima pamalopo ndi nkhani ina. Mishoni imene inamanga tchalitchicho, UMCA, ndi yomwe ija inayamba ku Magomero mu 1861, n'kusamukira ku Zanzibar, kenaka n'kudzakhazikika pa Likoma. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone ku Chitambo, ku Zambia. Malo otere sufikapo uku ukuyang'ana wotchi kuopa kuti boti likusiya. Madzulo tikadye ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, kumene amawotcha nsomba ndi zina zambiri, koma funsani mtengo asanakuikireni m'mbale.

Kumeneko anthu ambiri ndi Asilamu, ndiye m'tauni tivale zophimba mapewa ndi mawondo. Atsikana chitenje chisasowe m'chikwama, anyamata malaya asavulidwe mumsewu. Ndipo poti miyezi imeneyi ndi imene azungu ali pa tchuthi cha chilimwe kwawo, malo ogona a ku magombe monga Nungwi amadula kwambiri. Ife tigone mu Stone Town, ofuna kusambira akwere daladala m'mawa n'kubwerera madzulo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu tibwerere ku Dar, ndipo tsiku limeneli ndalisiya lopanda pulogalamu mwadala. Boti likachedwa, wina akadwala m'mimba, matikiti a basi akavuta, tidzapumira pamenepo. Zonse zikayenda bwino, ofuna Bagamoyo atha kuthamangirako, si kutali, ena akamalize kugula. Masiku awiri omaliza ndi a basi yobwerera ku Lilongwe, imene imayenda kuposa tsiku lathunthu. Mukawerenga muona kuti ngakhale ndi mizinda itatu yokha, theka la ulendo wathu ndi la pamsewu.

Tsopano nkhani ya nthawi, ndipo apa tcherani khutu chifukwa yasiyitsa anthu basi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, tikangowoloka Songwe tisinthe mawotchi. Koma msampha waukulu ndi wakuti m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja, ola loyamba. Ndiye wogulitsa tikiti akakuuzani kuti basi inyamuka saa kumi na mbili, inu mukamasulira pa foni mupeza 12, muganiza kuti ndi masana, pomwe akunena 6 koloko m'mawa. Muzichotsa kapena kuwonjezera maola asanu ndi limodzi, ndipo mumupemphe akulembereni pa tikiti. Chiswahili chenichenicho chisakuopseni, mawu ambiri ndi apachibale ndi athu: nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, madzi amati maji, mvula amati mvua. Munthu wamkulu mumulonjere kuti shikamoo, adzayankha kuti marahaba, ndipo adzakuthandizani ndi mtima wina.

Za ndalama sinditchula mitengo, ndingonena momwe tiwerengere. Mitengo imene anakuuzani achimwene anu amene anapitako mu 2022 iwalani. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja mukudziwa nokha momwe zikuvutira kupeza. Komiti ifunse mitengo ya mwezi uno kwa anthu amene akuyenda njirayi panopa. Kwacha ukalowa nayo m'kati mwa Tanzania ndi yovuta kusintha, choncho nkhani ya mashilingi ithe tisanapitirire pa boda, pamalo ovomerezeka, ndipo muwerenge ndalama zanu musanapereke zathuzi. Bajeti ikhale ndi thiransipoti, malo ogona, chakudya katatu pa tsiku, zolowera m'malo oona, boti ndi inshuwalansi, kenaka pamwamba pake tiikepo gawo limodzi mwa magawo asanu la zadzidzidzi. Ndalama ya basi yobwerera ya munthu aliyense isungidwe payokha ndi a msungichuma ndi a patironi. Ndikuwadziwa anzanga ena muno, akangoona majezi a mpira ku Kariakoo nzeru zimawathawa. Ndipo kumbukirani kuti mzinda uliwonse umene tawonjezera ndi tikiti ina ndi bajaji zina kwa munthu aliyense. Tikadula malo anayi aja, mwina anzathu amene zosonkha zikuwavuta atha kukwanitsa kupita nafe.

Chomaliza ndi mapepala. Ife a ku Malawi sitifunika viza pokacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe. Amene simunakwane zaka 18 mutenge kalata ya chilolezo ya makolo. Aliyense ajambule tsamba loyamba la pasipoti yake, kope imodzi kwa a patironi, ina itsale kunyumba pamodzi ndi ndondomeko ya ulendo, kuti mayi akafuna kudziwa kuti Lachinayi mwana wawo wagona kuti, angoyang'ana pa pepala.

A tcheyamani, ndikupempha kuti tivote lero pakati pa malo asanu ndi awiri ndi malo atatu, chifukwa a msungichuma sangayambe kuwerengera tisanagwirizane. Koma tisanavote, pasipoti situluka tsiku limodzi, ndiye amene mulibe kapena yanu yatsala pang'ono kutha, kwezani manja a mlembi akulembeni mayina.