Kacitsulo Kolimbitsa Mabuleki a Njinga

Nkhani ya lero iri ya eni njinga, makamaka a ku Kaunda Square mu Lusaka, kumene njinga ndiyo ngolo ya munthu wamba. M'mamawa pa mseu wa Great East Road pamayenda njinga zosenza matumba a makala kucokera cakum'mawa, ku dera la Chongwe, ndipo patsogolo pao pamakhala mabasi ang'onoang'ono amene amaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. Wokwera njinga wotere akagwira buleki, njinga niyamba kuganizira ngati iime kapena iai, moyo wace uli pa ngozi. Alipo ena amene amva kuti kuli kacitsulo kochedwa brake booster m'Cingerezi, kopindika ngati uta, kamene kamapatsa buleki mphamvu. Nzoona kalipo, koma kamaciza nthenda imodzi yokha, ndipo munthu ayenera kuyamba wadziwa ngati njinga yace ikudwala nthenda imeneyo.

Amene amakadziwa koposa ndi ocita masewera a njinga ochedwa trials, amene anakula ku Catalonia, m'dziko la Spain, m'zaka za m'ma 1970. M'masewerawa mulibe liwiro. Wokwera amadumpha ndi njinga pa miyala, pa zipika ndi pa zipupa, ndipo akaponda pansi ndi phazi walakwa. Kawirikawiri amaimirira pa gudumu la m'mbuyo lokha, m'mphepete mwa thanthwe, kotero kuti buleki ikangoterereka pang'ono, iye amagwa cagada. Cifukwa cace ambiri a iwo amakonda mabuleki a Magura a ku Germany, oyendera mafuta m'kapaipi m'malo mwa waya, amene anayamba kupangidwa m'caka ca 1987. Ena amakanda limu ndi makina operera zitsulo, ena amaipaka phula, kuti mphira igwire ngati nkhanu. Zimenezi nzamasewera cabe; wosenza makala akaziyesa adzagula limu yatsopano mvula isanabwere.

Nthenda yace ndi iyi. Buleki yofinya limu kucokera m'mbali imakhala pa timicombo tiwiri towocheredwa pa mapaipi awiri aja otsika kucokera pansi pa cishalo kunka ku gudumu la m'mbuyo. Mphira zikamakankha limu, limu nayonso imakankha mphirazo, ndipo mapaipi aja amayamba kutanuka, wina uku wina uku. Tsono mphamvu ya dzanja, m'malo mopita yonse ku limu, ina imathera kupinda njinga. Cogwirira ca buleki cimafewa ngati nthoci yakupsa, mwina cimafika pa handulo peni-peni, ndipo buleki imalira. Kacitsulo kaja kamamangidwa pa timicombo tiwirito, kudutsa pamwamba pa tayala, kuti mapaipi asatanukenso. Anthu a pa migodi ya ku Kitwe ndi Chingola sadzabvutika kumva zimenezi, pakuti adziwa nchito ya mtanda wopingasa pakati pa nsanamira ziwiri.

Si njinga iriyonse imene ingalandire kacitsuloka. Njinga zakale zakuda za mabuleki a ndodo, monga Raleigh, Humber ndi Eagle imene inkapangidwa ku Chipata, zimakokera mphira m'mwamba, kunsi kwa limu, ndipo palibe cimene cimatanuka. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba m'caka ca 2005, zinachuka ndi buleki ya m'kati mwa gudumu, yogwira munthu akapondera pedulo m'mbuyo. Pamenepo booster alibe pokhala. Kamathandiza pa njinga za magiya ambiri, zambiri za izo zogula zogwirako kale nchito, zokhala ndi buleki ya manja awiri oimirira, imene kampani ya Shimano inaifalitsa m'caka ca 1996 ndi dzina lakuti V-brake.

Kuyesa kwace sikulira ndalama. Mwini njinga aiimike, afinye buleki ya m'mbuyo ndi mphamvu zace zonse, mnzace atagwira mapaipi aja pafupi ndi timicombo. Ngati mapaipi akuoneka kapena kumveka m'manja kuti akutanuka, kacitsuloka kadzathandiza. Ngati ali cete koma buleki iri yofewabe, cilema ciri pena: waya watambasuka kapena wacita dzimbiri m'cikopa cace, mphira zatha kapena zauma ngati njerwa, limu yapindika, kapena padontha mafuta. Pa njinga zambiri za m'makomboni zilema zimenezi ndizo zimapezeka poyamba, ndipo mphira ziwiri zatsopano ndi waya mmodzi zimacita zimene booster wodula sangacite. Pa nyengo ya mvula, kuyambira November kufika April, limu yonyowa imayamba yazungulira kangapo mphira isanaigwire, ndipo palibe citsulo cimene cingaletse zimenezo.

Wopeza kuti mapaipi akutanukadi asankhe mosamala. Ayambe wayang'ana kamangidwe ka buleki yace, pakuti njinga za trials zambiri ziri ndi mabauti anai omangira Magura, pamene njinga wamba ziri ndi timicombo tiwiri, ndipo kacitsulo ka mtundu umodzi sikalowa pa unzace. Ayese mpata wa pakati pa timicombo, umene umakhala pafupi-fupi mamilimita 80, nasankhe ka maenje otalikirapo kuti kasunthike pomanga. Aonenso kuti pakati pa uta ndi tayala patsale danga lolowa cala, cifukwa matope a m'tinjira ta ku Kaunda Square, ngakhale ku Stage 1 ngakhale ku Stage 2, akaunjikana pamenepo gudumu limakana kuzungulira. Ndiye kulimba. Munthu akagwire m'manja awiri ndi kukakoka nsonga zace. Kakatanuka m'manja mwa munthu, pa njinga kadzangokhala cokometsera. Ta m'masitolo tambiri ndi ta aluminiyamu, topepuka, ndipo ocita masewera amawerengera kulemera kulikonse. Koma wonyamula matumba atatu a makala alibe cifukwa coopera citsulo wamba, ndipo mmisiri wowocherera wa pa msika angathe kukadula pa citsulo caphanthi-phanthi cocindikala mamilimita 3 kapena 4, malinga aboole maenje molunjika. Pamafunikanso mabauti otalikirapo, ndi timphete tokhalitsa kacitsuloko patali pang'ono, kuti kasapanikize manja a buleki ndi kuwaletsa kubwerera.

Kutsogolo kacitsuloka sikafunika kawirikawiri. Foloko ya sipiling'i iri kale ndi uta wace wolumikiza miyendo yace iwiri, ndipo buleki ya kutsogolo ikagwira mwadzidzidzi pa mseu wa mcenga imaponya munthu pansi.

Pali cinthu cina cimene ogulitsa sachula. Mphamvu imene inkathera m'mapaipi tsopano yonse ikupita ku limu. Limu imene mphira zaidya zaka zambiri imapyapyala m'mbali ndi kukumbika ngati mbale, ndipo ingathe kung'ambika tayala litapopedwa kwambiri, mwina pakati pa mseu. Cotero mwini njinga ayendetse cala m'mbali mwa limu asanamange ciriconse, ndipo akapeza kuti yakumbika, ndalama ya kacitsulo ayambe waigulira limu.