Utoto wa Mafuta ndi Chisanu cha ku Thazima

Munthu wochokera ku boma la Rumphi kupita ku mapiri a Nyika amayamba waima pa chipata cha Thazima, poloŵera m'nkhalango yosungiramo nyama imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965. Dera limeneli silichitira chifundo utoto. Masana dzuŵa limaswa mtengo, usiku kumagwa mame, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri. Chikwangwani kapena chitseko chopakidwa mosasamala sichichedwa kufwifwa ndi kukanganuka, ndipo mwini wake amangodandaula kuti anamgulitsa utoto wachabe.

Kaŵirikaŵiri vuto silikhala m'chitini ayi, koma m'zimene wopaka anathiramo. Utoto wa mafuta uli ndi zinthu ziŵiri: ufa wopatsa mtundu, ndi mafuta omata ufawo pa thabwa. Mafuta odziŵika pa ntchitoyi ndi a linseed, ofinyidwa ku njere za fulakesi. Mafuta ameneŵa sauma monga muja madzi amaphwera. Amakoka mpweya wa okisijeni pang'onopang'ono mpaka kusanduka chikopa cholimba. N'chifukwa chake kuzizira kumachedwetsa ntchitoyi, ndipo chitseko chimene ku Nsanje chikanauma msanga, ku Thazima chimamatabe m'manja m'maŵa mwake. Mame akagwera utoto wosauma, kunyezimira kwake kumatha.

Mafuta akachuluka, burashi imayenda mofeŵa ndipo thabwa limaŵala, koma akapyola muyeso utoto umachita makwinya. Turpentine, yemwe amachokera ku utomoni wa mitengo ya paini, amasungunula utoto kenaka n'kuuluka. Akachuluka, ufa uja umasoŵa choumata, thabwa limambuwa, ndipo munthu akalikhudza mtundu umatsalira ku chala. Parafini wa m'nyale, amene ambiri amathamangira chifukwa ndi wosasoŵa, amachedwa kuuluka ndipo amafooketsa utoto. Nanga mafuta ophikira a mtedza? Amenewo sauma konse, amangoitana fumbi la mumsewu.

Amisiri akale anasiya lamulo limodzi: kupaka koyamba kukhale kopyapyala ndi kochepa mafuta, kotsatira kukhale ndi mafuta ochulukirapo, ndipo kwapansi kuyambe kwauma. Wotembenuza dongosololi amaona ming'alu, pakuti chikopa chapamwamba chimauma chapansi chikali kuyenda. Chithunzi chimene Jan van Eyck anajambula ndi utoto wa mafuta mu 1434 chikuŵalabe mpaka lero mumzinda wa London, chifukwa chakuti anapaka mopyapyala, kambirimbiri, mosathamanga.

Chigawo cha Kumpoto chili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mzinda wa Mzuzu unayambira pa munda wa mitengo ya tung umene unatsegulidwa mu 1947, ndipo njere za mitengoyi zimatulutsa mafuta ouma amene amagwiritsidwa ntchito popanga utoto ndi vanishi. Mafuta a tung amakana madzi kuposa a linseed, koma akapakidwa okhaokha saŵala kwenikweni. Ulimi umenewo unazilala, komabe achikulire ena akuukumbukira.

Wopaka wa ku Thazima ayambe ntchito mame atakamuka, ndipo aleke dzuŵa likali pamwamba. Akamaliza asaunjike sanza zonyowa ndi mafuta a linseed pakona ya nyumba, pakuti zikamauma zimatentha mpaka kuyaka zokha. Aziyanike panja imodziimodzi, kapena aziviike m'madzi, kutali ndi denga laudzu.