Pamene a Kafukufuku Agogoda Pakhomo Pathu

Mawu amene Mlembi wa Mvano analankhula pa tsiku la chikondwerero

 Munazoloŵera kundiona nditaima pano ndi buku la maina ndi la zopereka. Lero komiti yandipatsa ntchito ina, yakuti ndilankhulepo za anthu a kafukufuku wa zachipatala, amene amabwera m'madera mwathu kudzapempha anthu odzipereka. Sanandisankhe chifukwa cha sukulu ayi. Andisankha chifukwa nkhani imeneyi inaloŵapo m'nyumba mwanga, ndipo inatikanganitsa ine ndi bambo a kunyumba sabata yathunthu.

Tikamapita kukazonda odwala kuchipatala timaona mapepala omata pakhoma. Ena akufuna amayi oyembekezera, ena ana aang'ono, ena anthu a chifuwa chachikulu, a shuga, kapena othamanga magazi. Ambirife timangodutsa. Inenso ndinali wongodutsa kufikira chaka cha 2018.

Chaka chimenecho mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimalera, anabwera kuchokera kusukulu ndi uthenga wakuti kuli kuyesa katemera wa tayifodi, ndipo makolo ofuna apite akamve. Kafukufukuyu anachitika kuno ku Blantyre, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pa ana a miyezi 9 kufikira zaka 12. Bambo a kunyumba atamva anakaniratu. Anati amenewo ndi opopa magazi. Musawaseke, amayi. Mukukumbukira kuti mu 2017 mphekesera ya anamapopa inavuta ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu ena mpaka anaphedwa popanda mlandu. Panali patangopita miyezi yoŵerengeka. Inenso mtima unali m'mwamba.

Koma tayifodi ndinali nditaiona ndi maso anga. Mwana wa mnansi wathu anatentha thupi masabata aŵiri, makolo namayesa malungo. Pofika kuchipatala matumbo anali atabooka, ndipo anachitidwa opaleshoni. Nthendayi imaloŵa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi zonyansa za m'chimbudzi, ndipo inu mukudziŵa madzi amene timatunga mipopi ikauma. Kuyambira cha m'ma 2011 inachuluka kwambiri mumzinda muno, ndipo mankhwala amene tinkadalira kale anayamba kulephera kuigonjetsa. Ndiye ndinati, kukana ndingakane, koma ndikayambe ndamva ndekha.

Namwino amene ndinampeza anandikhazika pansi. Anandiuza chinthu chimene chinandisokoneza mutu. Anati theka la ana lidzalandira katemera wa tayifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo kusankhako kudzakhala kwa maere. Ine sindidzadziŵa umene mwana walandira, iyenso wobayayo sadzadziŵa. Ndinamufunsa kuti, “Mwana wanga, ngati katemerayu ndi wabwino, bwanji osangopatsa ana onse?” Anayankha kuti, “Agogo, tikadadziŵa kale kuti ateteza ana a kuno, sitikadakuvutitsani. Tifuna tiŵerenge odwala mbali iyi ndi mbali iyo, tione kusiyana kwake.”

Ndinabwerera kunyumba ndikulingalira. Usiku ndinakumbukira nkhani ya Danieli, mutu woyamba. Danieli ndi anzake atakana chakudya cha mfumu, woyang'anira anaopa kuti adzaonda. Danieli sanakangane naye. Anapempha kuti awayese masiku khumi ndi zakudya za m'munda ndi madzi, pambuyo pake awayerekeze ndi anyamata odya za mfumu. Magulu aŵiri, nthaŵi yoikika, kenaka kuyang'ana. Ndinaona kuti zimene ananena namwino uja si zachilendo kwa ife oŵerenga Buku Lopatulika. Kusiyana kwake ndi kwakuti kuno anali ana oposa 28,000, ndipo sikunali kudikira masiku khumi koma zaka.

Za magazi ndinafunsanso, chifukwa ndipo panagona mantha a bambo. Anandiuza kuti mwana akadzatentha thupi tidzapite naye kuchipatala, ndipo adzatenga magazi pang'ono m'kabotolo kuti akaone ngati muli tizilombo ta tayifodi. Anandionetsa kabotoloko. Ndinapempha bambo kuti apite okha akakaone. Anapita monyinyirika, anafunsa mafunso oposa anga, ndipo pobwera anangoti, “Mutengeni mwanayo maŵa.” Kupepesa sanapepese, mukuwadziŵa abambo athu.

Mu 2021 zotsatira zinatuluka. Mwa ana 10 amene akadadwala tayifodi, pafupifupi 8 anatetezedwa ndi katemerayu. Mu Meyi 2023 boma linapereka katemera yemweyo kwa ana m'dziko lonse la Malaŵi, kuyambira a miyezi 9 kufikira osakwana zaka 15. Ena mwa inu munanyamula ana anu kupita nawo. Ine ndinaima pambali ndikuyang'ana mzerewo, ndipo mtima wanga unadzala.

Sikuti ndi tayifodi yokha. Katemera wa malungo anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko 7 a mu Africa kuyambira 2009 kufikira 2014, ndipo ana a ku Lilongwe anali m'gulumo. Mu Epulo 2019 dziko lathu linakhala loyamba kuyamba kuupereka kusikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira. Palinso mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, amene analoŵa kafukufuku pamodzi ndi mabanja a maiko ena. Kupyolera mwa iwo, mu 2011 dziko lonse lapansi linadziŵa kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, kupatsira mnzake wa m'banja kumachepa kwambiri. Maina awo sitiwadziŵa. Mwina ena tinakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi.

Tsopano ndinene mbali inayo, chifukwa sindinabwere kudzakulemberani maina. Mantha a anthu ali ndi pochokera. Ku America, pamalo otchedwa Tuskegee, madokotala a boma anatsatira amuna achikuda osauka odwala chindoko kuyambira 1932 kufikira 1972. Sanawauze zoona za nthenda yawo, ndipo ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka sanawapatse, pofuna kuona mmene nthendayo imaonongera thupi. Zaka 40, amayi! Chifukwa cha zoipa zonga zimenezi panaikidwa malamulo. Kuno kwathu kafukufuku sayamba asanaloledwe ndi komiti yoona za ufulu wa anthu oloŵamo. Koma komitiyo sidzakhala nanu m'chipinda pamene akukupatsani cholembera. M'menemo mudzakhala inu nokha ndi pakamwa panu.

Choncho funsani. Akufuna kudziŵa chiyani? Adzandichita chiyani, kangati, kwa miyezi ingati? Choopsa chake n'chiyani, ndipo ndikadwala nazo adzandisamalira ndani? Magazi anga apita kuti? Pepala la chilolezo liyenera kukhala m'Chicheŵa, ndipo lina akupatseni mupite nalo kunyumba. Muli ndi ufulu wokana. Mukavomera lero, muli ndi ufulu wotuluka maŵa, ndipo chithandizo chanu cha nthaŵi zonse kuchipatala sichichotsedwa. Munthu wokufulumizitsani kusaina, kapena wokwiya ndi mafunso anu, musiyeni. Dziŵaninso kuti si kafukufuku aliyense amene amabala zipatso. Mankhwala ena amayesedwa napezeka kuti sathandiza, ndipo mwina inuyo simudzapindulapo kanthu m'thupi mwanu.

Pali chinthu china chimene chimandiŵaŵa, ndipo ndichinena poyera pakuti tili tokhatokha. A kafukufuku amabweza ndalama ya ulendo. Nthaŵi ya njala ndalama imeneyo imaoneka yaikulu. Ndamvapo za amayi obisa kuti ali ndi pakati, kapena kuti akumwa mankhwala ena, poopa kuti angawabweze. Ndamvanso za oloŵa kafukufuku muŵiri nthaŵi imodzi osanena. Alongo anga, mafunso amene amakufunsani aja ndi mpanda wotchinjiriza moyo wanu ndi wa mwana ali m'mimbayo. Mukanama mwathyola mpandawo nokha, ndiponso mwasokoneza chiŵerengero chimene ana a anzanu adzadalira. Ngati m'nyumba mulibe ufa, bwerani kwa ife, thumba lathu la zachifundo linakhazikitsidwira zimenezo.

Pomaliza, komiti yandituma kuti ndilengeze ichi. Lamulo limati munthu wosadziŵa kuŵerenga akamavomera kuloŵa kafukufuku, pakhale mboni imene siili ya gulu la ofufuzawo, yomva zonse asanadinde chala. Pakati pathu pali amayi achikulire ndi amasiye amene alibe wowaperekeza. Tagwirizana kuti ife odziŵa kuŵerenga tizigwira ntchito imeneyi, monga momwe timaperekezerana kumaliro ndi kuchipatala. Woperekeza sapita kukasankhira mnzake, ndipo zimene wamva kumeneko sabwera nazo kumpingo. Amene mungadzipereke mundipeze tikatha kudya, buku ndabwera nalo.